Ndege Yoti Ndidzaibweze

Gu! gu! gu! Dzulo, ndikudikira basi ku Thamesmead, ndinamva nsapato za makadeti, achinyamata ophunzira usilikali wa ndege, zikugunda pansi pamodzi, mtima n'kubwerera pa mpanda wawo wa waya.

Amayi atamwalira ndili mwana, ndinatsala ndi agogo okha. Mwezi uliwonse ankapita ku Croydon kukaonekera ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka, atalongedza mankhwala awo onse m'chikwama. "Ndikapanda kubwera, mwanawe, ndiye kuti andikweza ndege yonditulutsa m'dziko muno," ankatero.

Ndinkaganiza kuti woyendetsa ndegeyo ndikakhala ine, ndidzaikhotetsa m'mwamba n'kuwabweza kunyumba. Ndiye ndinkakakamira waya wozizira uja mpaka zala kuchita dzanzi. Tsiku lina mayi wovala yunifolomu, mkulu wa makadetiwo, anabwera kudzandifunsa chomwe ndinkafuna.

"Chonde ndiphunzitseni kuyendetsa ndege. Lisanafike Lachinayi."

"Iwe udakali wamng'ono. Lachinayi kuli chiyani?"

Ndinawauza zonse za ulendo wa agogo wa ku Croydon tsikulo, misozi ili chuchuchu. Pano ndimadziwa kuti mayiwo analibe ndege. Anavula chipewa chawo chonyowa ndi mvula, anandipatsira pamwamba pa mpanda, n'kubwerera kwa makadeti awo osacheuka.