Ndinayeza Mafulapu Galimoto Ili pa Jeke

Ntchito yanga yoyamba ndinaipezera pamaliro ku Kitwe. Amalume anga, mkulu wa mpingo, anakhala benchi limodzi ndi a Mwansa, mwini galaja yowongola ndi kupenta magalimoto. "Uyu ali na manja abwino," anatero amalume, chikhalirecho ine ndisanagwirepo ngakhale sipanala. A Mwansa anandiyang'ana ngati mbuzi ya pamsika, nati andiyesa mwezi umodzi. Ndikapalamula chachikulu, ntchito yathera pomwepo. Ndinali nditakhala zaka ziwiri pakhomo ndikudya za makolo, ndiye ndinavomera asanamalize n'kulankhula.

Masabata atatu oyamba ndinali munthu wa sandipepa. Kupala kuyambira seveni koloko mpaka dzuwa kupendeka, fumbi la penti m'mphuno ndi m'makutu, zala zitasalala mpaka kulephera kutola singano. Ndinkafika kunyumba msana uli phwaa, nkhani ndi munthu osaifuna.

Galajayo inkadziwika ndi mavaneti, magalimoto a bodi kumbuyo aja, makamaka oikidwa matayala aakulu. Eni ake amawakonda chifukwa amaoneka aukali, koma tayala likatulukira kunja kwa madigadi, chitsulo chophimba tayala chija, mano ake amatola timiyala ta mumsewu n'kumagenda zitseko ndi m'munsi mwa bodi. Penti imatsala ndi timabala ngati nthomba, mvula ikabwera dzimbiri n'kulowa. Mankhwala ake anali awiri. Tinkatsuka m'munsi mwa zitseko, kupukuta ndi sipiriti, kumata tepi, n'kupopera phula wakuda wokhuthala. Kenako tinkamanga mafulapu, zirabala zolendewera kumbuyo kwa tayala zotchinga miyala. Mafulapu a m'sitolo ndi opyapyala, samabisa tayala lalikulu, ndiye ife tinkadula athu kuchokera ku lamba wakale wonyamulira miyala kumgodi.

Sabata yachinayi kunabwera vaneti yoyera ya a Tembo a ku Nkana West, bambo wopuma ntchito kumgodi amene anali ndi munda kumsewu wa miyala. Tinaipenta yonse, mbali yaikulu ndinapala ndine. Tsiku lomaliza a Mwansa anapita ku Ndola kukagula penti, nandisiyira mafulapu. "Upime bwino, tayala yonse ibisike," anatero akukwera galimoto.

Vanetiyo inali idakali pamajeke chifukwa tinachotsa matayala popopera phula. Ndinawabwezera, koma sindinaitsitse. Ndinatenga tepi, kuyeza kuchokera pa madigadi kutsika, ndikuwonjezerako pang'ono poganiza kuti fulapu lalitali ndilo ligwira miyala yambiri. Lamba uja ngolimba, ali ndi ulusi m'kati, ndipo ndinamudula ndi mpeni woviika m'madzi mpaka chikhatho kutuluka matuza. Ndinaboola mabowo anayianayi ndi dirilo, kupaka penti yoteteza dzimbiri m'mabowomo, kumanga mabawuti ndi mawashala aakulu. Ntchito inaoneka yaudongo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinadzimva ngati mmisiri.

Nditatsitsa majeke, bodi inakhala pansi, mafulapu akumbuyo n'kutsala pang'ono kukhudza dothi. Zala zitatu zokha ndizo zinkalowa pakati pa fulapu ndi dothi. Ndinaona ndithu. Koma lamba anali atatha, mikono inali italema, ndipo mtima unandinamiza kuti ndi rabala chabe, adzadzipinda yekha.

A Tembo anafika cha m'ma firii. Anazungulira galimoto yawo akusisita penti, nati, "Mwagwila nchito, mwana wanga." Anali atagula matumba a feteleza pasitolo yoyandikana nafe, ndipo anawakweza kumbuyo pomwepo. Bodi inatsikiranso. Atayamba kubwerera chambuyo kuti atuluke, tayala lakumanzere linakwera kachitunda ka pachipata, fulapu linagona pansi, tayala n'kuliponda. Tinangomva kuti phwaa! Lamba wa kumgodi sang'ambika. Chimene chinagonja ndi chitsulo. Madigadi anapindikira pansi, mabawuti awiri anazuka ndi zibenthu za chitsulo, penti yatsopano n'kusweka mpaka pafupi ndi nyali.

Bambo aja anatsika pang'onopang'ono. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. "Ninabweletsa motoka kuti miyala isaiononge," anatero. "Manje miyala ikalibe kuyamba, iwe wasiliza kale."

A Mwansa atabwera sanandifunse zambiri. Anagwada mbali imene inatsala, nayesa kulowetsa chibakera pakati pa fulapu ndi dothi. Sichinalowe. "Unapimila pa jeke," anatero osandiyang'ana. "Motoka siyenda pa jeke, iwe. Iyenda pansi, na katundu."

Masiku awiri otsatira ndinagwira chitsulo iwo akuwongola ndi hamala, ndinapala, ndinatsuka mfuti yopopera penti. Palibe amene anandinyoza, ngakhale kundiseka. Vaneti itatuluka, a Mwansa anandiuza mofatsa kuti Lolemba ndisabwere. Ndinakhalanso pakhomo miyezi isanu ndi iwiri.

Lero ndimagwira ntchito yomweyi ku Ndola. Ndisanadule lamba ndimamukoloweka kaye pa madigadi, kutsitsa galimoto, kukweza anthu asanu kumbuyo, kuuza mwini wake abwerere chambuyo pachitunda, kenako n'kulowetsa chibakera. Ena amadandaula kuti ndikuwachedwetsa, ndimangowasiya adandaule. A Mwansa anangokhulupirira kuti ndinalakwitsa chifukwa chosadziwa, ndipo sindinawauze zoona. Zoona n'zakuti ndinaona zala zitatu zija, ndinadziwa kuti sizikwanira, koma ndinali nditatopa, ndipo ndinatembenuka kukasamba m'manja.