Kope la aphunzitsi ndi mita yolankhula yokha

Ntchito yowerenga mita za madzi ndinaiyamba ndi miyendo. Bungwe limene linkayendetsa mipopi pamalo ena a malonda cha ku Nsaru linandipatsa kope, cholembera ndi chipewa, n'kundiuza kuti kutha kwa mwezi uliwonse ndizifika pakhomo lililonse pamene pali mpopi. Kwathu n'kutali, m'bale kumeneko ndinalibe, ndipo mkazi wanga anatsala m'tauni ndi ana chifukwa cha sukulu. Ndinkachita lendi kachipinda kuseri kwa chigayo. Kunena zoona, macheza anga onse anali odi, mwaswera bwanji, galuyo mumugwire. Ndinkasungulumwa, koma ndinkayenda kwambiri moti ndinalibe mpata woti ndizimve.

Pakhomo limodzi lokha ndi pamene ndinkakhala pansi. Panali pa bambo ena okalamba, mphunzitsi wopuma pantchito, amene mayi a kunyumba kwawo anatsogola kalekale, ana awo n'kubalalikira m'matauni. Aliyense ankangowatchula kuti aphunzitsi, ndipo uphunzitsiwo sunawachoke. Tsiku lowerenga ankalawirira kupukuta galasi la mita ndi kansanza, n'kuwerenga okha nambala, n'kuilemba m'kope lawo la sukulu. Tsamba lililonse analigawa pawiri. Mbali ina analemba kuti "yanga", mbali ina "ya anzanga". Ndikafika ankakumbatira kopelo pachifuwa ngati mwana wokaniza mnzake kuonera mayeso.

"Yambani ndinu, bambo a madzi," ankatero.

Ndikatchula nambala, ankandipatsa kope kuti ndilembe mbali yanga, iwo ataphimba yawo ndi chikhatho. Kenako ankayerekeza n'kuchonga ndi cholembera chofiira.

"Mwakhoza. Koma seveni wanuyu akuoneka ngati khasu loguluka, eti?"

Pambuyo pake pankabwera mpando ndi mbatata yootcha. Ankandifunsa za ana anga mmodzimmodzi, kalasi imene ali ndi phunziro limene likuwavuta. Ndikadzuka kuti ndizipita ankati mlendo ndi mame, n'kundiperekeza mpaka pamtengo wa mango. Munthu wa ndevu zanga, ndinkadikira mwezi wathunthu kuti wina andiuze kuti ndakhoza.

Kenaka kunabwera mita zatsopano. Anthu a kutauni anachotsa zakale n'kuika zina zimene zimaulutsa zokha nambala yake m'mwamba, ngati wailesi, usana wonse osatopa. Ine anandipatsa laputopu, njinga yamoto ndi kachipangizo kooneka ngati chala kolowetsa m'mbali mwa laputopuyo, kokhala ndi kamlongoti kake. Pulogalamu yake inalibe zithunzi kapena poti udine. Umatsegula windo lakuda bii, n'kulemba mzere umodzi wa mawu osalakwitsa ngakhale kadontho, n'kumenya batani. Ukadikira pang'ono, manambala amayamba kutsika okha: nambala ya mita, imene ili ngati dzina lake, kenako madzi amene adutsa. Masiku oyamba ndinkalakwitsa mpaka thukuta. Nditazolowera ndinayamba kudzimva, sindibisa. Ndinkakwera pachulu china m'mphepete mwa msewu, kamlongoti m'mwamba, n'kukolola mita za mudzi wonse popanda kunena odi ndi kamodzi komwe. Ntchito ya sabata inkatha dzuwa lisanafike pamutu, ndipo abwana ataona zimenezo anandiwonjezera midzi ya mbali ya ku Kabudula.

Mwezi woyamba, ndili pachulu paja, ndinawaona aphunzitsi chapatali ataima pampopi pawo, kope kukhwapa. Anakweza dzanja. Inenso ndinakweza langa, n'kuloza wotchi imene ndinalibe, n'kuliza njinga. Mwezi wachiwiri ndinaima kuseri kwa chulu kuti asandione. Ndinakumana nawo kamodzi pamsika akugula sopo.

"Kodi makina anu aja amadya mbatata?" anandifunsa.

"Ndibwera Loweruka, aphunzitsi."

"Nambala ndikulembabe. Mbali yanu ndiyo ikuchita manyazi."

Tinaseka tonse. Loweruka linafika n'kupita. Sikuti nthawi ndinalibiretu, ayi. Ndinkachita manyazi. Ukaphonya mwezi umodzi, wachiwiri umalemera, wachitatu umafuna kuti ubwere ndi chifukwa chachikulu, ndipo ine chifukwa changa chinali chakuti ntchito sinkandifikitsanso pakhomo pawo. Ndikanawauza bwanji mawu amenewo? Kupita kwa munthu popanda chonditumiza ndinali ndisanaphunzire.

M'malo mwake ndinapeza njira yanga yopusa. Ndinaphunzira kuti ukawonjezera nambala ya mita imodzi kumapeto kwa mzere uja, pulogalamu imasiya zina zonse n'kukuonetsa imeneyo yokha. Nambala ya mita ya aphunzitsi ndinailoweza pamtima kuposa ya foni ya mkazi wanga. M'mawa uliwonse popita kuntchito ndinkaima pachulu, n'kutsegula laputopu pathanki ya njinga, n'kudikira. Mzere umodzi unkatuluka. Nambala ya madzi ikasuntha pang'ono kuchokera padzulo, ndinkati atunga a tiyi, asamba, ali bwino. Mumtima ndinkati mwadzuka bwanji aphunzitsi, n'kutseka laputopu. Ndinkadzinamiza kuti kumeneko n'kuzonda munthu.

Nyengo yotentha itafika, nambala ija inayamba kuthamanga kuposa kale. Munthu wa ndowa ziwiri patsiku anayamba kutha zisanu, zisanu ndi imodzi. Ndinakondwera. Ndinati mwina adzukulu abwera kudzacheza, kapena ayamba kuthirira mpiru kuseri kwa nyumba. Ndinamva ngati ndapepukidwa, poti ngati ali ndi anthu ndiye kuti ine sakundisowa. Ndinatha milungu itatu ndikukondwera choncho.

Tsiku lina m'mawa nambala inalumpha kwambiri, ndipo inkapitirira kukwera ndikuyang'ana. Ndinadziwa msanga, monga katswiri, kuti paipi yaphulika. Mtima unachita kudumpha ndi chimwemwe, chifukwa tsopano ndinali ndi chonditumiza. Ndinatulutsa sipanala m'chikwama n'kutsetsereka ndi njinga, ndikukonza kale nthabwala yoti ndiwauze.

Ndisanafike pamtengo wa mango uja ndinapeza masamba atayalidwa pamsewu. Ndinazimitsa njinga n'kuyamba kuikankha. Pampopi pa aphunzitsi panali mzere wa amayi ndi ndowa, wina akachotsa yake wina n'kutchera. M'nyumba amayi a mvano ankaimba motsitsa. Azibambo anali atakhala pansi pa mtengo, zipewa m'manja. Ine ndinaima pakati pa bwalo, sipanala ili m'manja, mpaka mkulu wina wa mpingo anandikodola n'kundisendera malo pabenchi. Sipanalayo ndinaibisa pansi pa ntchafu mwambo wonse.

Titabwerako kumanda, mayi wina woyandikana nawo nyumba ananditsatira kunjinga. Ndinkamudziwa nkhope chabe, kuyambira masiku a odi aja.

"Ndinu bambo a madzi aja, eti? Adwala milungu itatu. Madzi ndimatunga ndine, ochapira zofunda zawo. Amakufunsani."

Anamasula nsonga ya chitenje n'kutulutsa kope lija, litapindidwa pakati.

"Adati anzawo akadzabwera ndiwapatse, adzaze mbali yawo."

Zengerezu adalinda kwawukwawu, timatero poseka ena. Tsiku limenelo sindinathe ngakhale kuthokoza bwino. Ndinakankha njinga mpaka kuchigayo, ndinaiwala kuti imalira.

Masana omwewo ndinakhala pamphasa m'kachipinda kanga, chigayo chikugunda kuseri kwa khoma, n'kutsegula kopelo. Mbali ya "yanga" inali yodzaza miyezi isanu ndi iwiri, manambala oongoka ngati a pabolodi, kupatula yomaliza imene inalembedwa ndi dzanja lina, lokhotakhota. Ndiye kuti ali gone anatuma mayi uja kukapukuta galasi n'kuwerenga. Mbali ya "ya anzanga" inali mbee kuyambira mwezi umene ndinakwera pachulu.

Ndinayatsa laputopu, n'kufufuza zimene ndinasunga mwezi ndi mwezi, n'kuyamba kukopera. Seveni aliyense ndinamulemba mosamala. Nambala zonse zisanu ndi ziwiri zinafanana ndi zawo. Cholembera chofiira chinali momwemo, chitapanidwa pakati pa kope, koma sindinachonge. Kuchonga sinali ntchito yanga.