Jekete lobwereka lamulanditsa khadi

Loweruka lapitali ndinakavina, ine ndemwe wa mawondo olira ngati chitseko chakale. Musaseke. Ndinabwerako ndi mtima wowawa, ndipo mpaka lero sunapole.

Mnansi wanga Che Yusufu ali ndi gulu loimba jazi wakale uja, amene anabwera ndi madala a ku Joni ndi ku Halale. Iwo amaimba banjo, mlamu wawo amakoka babatoni, wa ng'oma ndi katswiri wa beni wa konkuno ku Mangochi. Chaka chatha anapeza wa lipenga, Che Alubeto, wothawa nkhondo wa ku Mozambiki amene akukhala ku Katuli ndi mkazi ndi ana anayi. Kwawo ankaimba m'mahotela a ku Nampula. Pothawa anasiya nyumba, njinga ndi mbuzi, koma lipenga analikulunga m'chitenje n'kuwoloka nalo malire. Paja amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Tsikulo ankaimba masana pa hotela ina ya m'njira ya ku Monkey Bay. Pabwalo panadzaza magalimoto oyera. A mabungwe othandiza othawa nkhondo anali atangotsiriza msonkhano wa masiku atatu wokambirana za njala, ndiye ankatsuka kukhosi.

Che Alubeto atakweza lipenga lija, mafoloko onse anaima. Mzungu wina wamkazi wa thalauza, poti kunyanja kokha kuno thalauza la mkazi silimangitsa, anakoka mnzake n'kuyamba kuzungulizana, kutayana, kugwirananso. Operekera zakudya ankayenda monjanja, mbale zili m'manja. Ine ndinakumbuka jaivi wa paunyamata wanga, mpando unanditentha.

Koma amene anativinira tonse ndi Lameki. Ameneyu ndinamuphunzitsa ndekha sitandade sikisi, lero ndi kalaliki wa kaundula ku bungwe lina logawa ufa. Nyimbo itatha anathamanga kukapereka moni kwa mwini lipenga. Dzanja likadali m'dzanja, nkhope inasintha.

"Madala, si inu mumalandira ufa ku Katuli?"

"Ndine, bwana."

"Ndi jekete limeneli? Ndi tayi? Ndi ntchito ya ku hotela? Tabweretsani khadi lanu la ufa tione."

Tsono mumve za jeketelo. Gulu la Che Yusufu lili ndi majekete anayi ofiira a pa kaunjika. Amakhala m'sutikesi kunyumba kwawo, amavalidwa nyimbo yoyamba ikamayamba, amavulidwa yomaliza ikatha. Palibe woimba amene anagonapo nalo. Ntchito imene Lameki ankanenayo ndi ya kawiri pamwezi, ndipo zimene Che Alubeto amapata zimathera m'malole a ku Katuli.

Mkuluyo anatulutsa khadi m'kapepala ka shuga, n'kulipereka ndi manja awiri, akumwetulira. Ankayesa kuti bwanayo akufuna kudziwa dzina la woimba bwino chotere. Ataona khadi likulowa m'thumba la Lameki, m'pamene anazindikira. Anavula jekete lija n'kutembenuka. Malaya ake anali ndi kutsogolo kokha, kumsana kunali tinsanza tomangamanga kuti kolala ikhale m'malo.

Lameki anayang'ana kumbali. "Wa pantchito sadya za othawa nkhondo, madala. Tikaonera ku ofesi."

Kumatebulo kunamveka mfuwu, "Ina! Ina!" Che Alubeto anavalanso jekete, anapukuta milomo, anaimba. Anthu anadzazanso bwalo.

Mukufunsa kuti nanga ine ndinatani? Ndinakhala phee. Ndinachita manyazi kusokoneza phwando la eni. Manyazi amenewo ndi amene akundilembetsa lero, ndipo ndikudzida nawo.

Sindikulemba kuti mumutukwane Lameki. Matenda ake ndi athu tonse. Ife timafuna kuti wosauka azioneka wosauka, usiku ndi usana, osapuma. Mwana wamasiye akavala nsapato timafunsa kuti wazitenga kuti. Mayi wamasiye akadzola mafuta timati wayamba kuyenda. Wopempha wa pakhomo pa mzikiti Lachisanu tikamupeza Loweruka akumwa tiyi wamkaka, timalumbira kuti sadzaonanso sadaka yathu.

Nanga wothawa nkhondo? Ameneyo ndiye asayerekeze. Azivala chiguduli, maso pansi, mawu a m'khosi. Akaseka ndiye kuti wakhuta. Akasonyeza luso ndiye kuti ankatinamiza.

Kodi munafikako ku midzi ya m'malire tsiku limene galimoto yoyera ikubwera? Wailesi imalowa m'nkhokwe. Nkhuku zimakasungitsidwa kwa mnansi. Mayi amene anachapa dzulo amavula chitenje choyera n'kuvala chakumunda. Kenako ife timabwerako tikupukusa mitu kuti anthu amenewa ndi achinyengo. Wawaphunzitsa ndani? Anabwera kuno ali alimi, atelala, aphunzitsi ndi oimba. Ndife tawauza kuti chilichonse chosonyeza kuti anali anthu chiziwadyera ufa.

Ndipo taonani amene akuweruzawo. Munthu wadya chambo masiku atatu pa dzina la othawa nkhondo, palibe wamufunsa khadi. Wothawa nkhondo mwiniwake wavala jekete la eni maola awiri, mlandu.

Lolemba ndinapita ku ofesi kwa Lameki. Anandipatsa mpando, anandiitanitsira tiyi. Ulemu wokha ndinamuphunzitsa bwino.

"Aphunzitsi, ine ndilibe nawo chifukwa madala aja, amaimba bwino zedi," anatero. "Koma mabwana anga anawaona ndi maso awo. Titumiza oyendera akaone pakhomo pawo. Akakapeza kuti ndi ovutikadi, khadi libwerera."

"Ufa mugawa liti?"

"Lachisanu."

"Oyenderawo apita liti?"

"Galimoto ikapezeka."

Magalimoto amene ndinawaona Loweruka aja ndinalephera kuwawerenga. Tiyiyo sindinamwe.

Pobwerera ndinakumana ndi Che Yusufu, nkhope ili pansi. A manijala a ku hotela awauza kuti safuna kukangana ndi alendo awo, wa lipengayo asadzaonekenso.

"Walahi, Aphunzitsi, munthu uja ndi m'bale wanga," anatero. "Koma ndikapita naye atithamangitsa tonse. Nditani?"

Ndiye ufa wapita chifukwa ali pantchito, ntchito yapita chifukwa amalandira ufa. Ana anayi aja adya lamulo.

Lachiwiri m'mawa, asanakwere lole yobwerera ku Katuli, Che Alubeto anaodira pakhomo panga. Anali chosavala nsapato, nkhwaira zake anali atazisiya dala kwa Che Yusufu. M'khwapa munali kamtolo ka chitenje.

"Mundisungire, Aphunzitsi. Oyendera akapeza chinthu chonyezimira m'nyumba, ana anga sadya."

Ndinafunsa kuti ndisunge mpaka liti.

"Mpaka nkhondo ithe," anayankha. "Kapena mpaka milomo iiwale."

Lipengalo lili pansi pa bedi langa pamene ndikulemba pano. Linadutsa zigawenga, linadutsa mabomba okwirira, linagona m'tchire masiku ambiri, mwiniwake osalitaya. Mfuti zinalephera kumulanda. Ife tamulanda ndi thumba la ufa, ufa womwenso sanaulandire.

Inu amene munkafuula kuti "Ina! Ina!", nyimbo ina ija anakuimbirani, khadi lake lili m'thumba la mnzanu. Lachisanu ndi mawa. Ana ake muwaimbira iti?