Theka la Piritsi

Chotupa cha m'bere la amayi chinakula msanga, ngati chikuthamangira kwinakwake. Ku Harare anadulapo kanyama kukayeza. Tsiku lomva zotsatira dokotala anati ndi khansa, koma ya mtundu wosowa. Anati khansa zambiri za m'bere zimadya mahomoni a m'thupi, ndiye pali mapiritsi otseka chakudyacho. Ya amayi sinkadya zimenezo. Mapiritsiwo sakanaigwira.

Ine ndinamenya tebulo. "Mukutimana poti ndife a m'komboni eti?"

Amayi anandikoka malaya. "Nyarara iwe, khala chete! Ukundichititsa manyazi."

Kuseri kwa nyumba yathu ku Chiwaridzo kumakhala mayi ena a kumpingo, makolo awo anabwera kudzagwira ntchito kumgodi kuchokera ku Malawi ngati agogo anga. Mayiwo anachotsedwa bere kale, ndipo ankamwa mapiritsi omwewo m'mawa uliwonse. Kwathu kuno mchere timapatsana, makala timapatsana, mankhwala a mutu chimodzimodzi. Tsiku lina ndikuchokera kokumba golide ndinawapeza ali ndi amayi anga pakhonde, mayi aja akudula piritsi pakati ndi lezala.

"Adokotala anati sagwira amenewo!" ndinakuwa.

"Dokotala ndi Mulungu?" anatero mayi aja osadzutsa mutu. "Bere ndi bere, mwanangu. Ndizimeza ndekha mnzanga akundiyang'ana? Kasambe uko, ukununkha dothi."

Amayi anaseka mpaka kutsokomola, n'kumeza theka lawo.

Ndinakalipa, ndinatukwana, lezala ndinataya m'chimbudzi. Anayamba kudula ndi mpeni. Zinapitirira choncho mpaka amayi anamwalira, mvula itangoyamba. Pamaliro mayi aja ndiwo ankatsogolera nyimbo.

Chaka chino anayamba kudandaula msana. Aonda, chitenje akuchizunguliza kawiri. Kuchipatala akuti khansa ija yabwerera, ili m'mafupa. Ndinafunsa sisita wina wa kuchipatalako ngati kumwa theka kungachititse zimenezi. Anati mwina, mwinanso ayi, palibe angadziwe. Ndikakhala pansi m'dzenje, nyundo ili m'manja, yankho limenelo limandibwerera mpaka ndimaphonya mwala.

Ana awo sadziwa kanthu. Amangodabwa kuti mayi amene sankadumphitsa mankhwala zawachitikira bwanji.

Lamlungu ndinapita kukawaona. Mwana wawo wamkazi atatuluka kukatunga madzi, mayi aja anandigwira dzanja, zala zozizira.

"Ndikukudziwa pakamwa pako, iwe. Ukawauza ana anga, azidzatukwana manda a mnzanga. Wamva?"

Mwana uja analowa ndi kapu, n'kundifunsa kuti amayi amanena chiyani.

Ndinati amafunsa za mvula.