Clotilda ndi Masamba a pa Msewu wa Sorgin

Clotilda anaphunzira njinga mozemba, monga amachitira atsikana a ku Bangula amene makolo awo amati njinga imawononga mwana wamkazi. Inali ya bambo ake, yakuda, yolemera ngati ngolo, yomwe anawoloka nayo kuchokera ku Mozambique pothawa nkhondo. Ankalowetsa mwendo kunsi kwa chitsulo chapakati n'kumapalasa chopendekeka, ndipo zipsera za masiku amenewo zikadali m'maondo mwake. Atasinkhuka, makolo omwewo anatulukira mwadzidzidzi kuti njinga siwononga mtsikana ikakhala kuti yanyamula dengu la nsomba.

Ndiye anakula akupalasa. M'mamawa ankapita kudooko la ku Elephant Marsh kukapikula nsomba za makakana ndi milamba, n'kuthamangira nazo kumsika dzuwa lisanaziphike. Amene sanakhaleko kuchigwa kuno sangamvetse: nsomba ikachedwa pang'ono panjira, imayamba kulengeza yokha kuti ikubwera. Clotilda sankachedwa. Anyamata a kabaza ankamuda koopsa, chifukwa ankawapitirira ali ndi dengu kumbuyo, mwana kumsana, osawapatsa ndi moni womwe.

Anakwatiwa ndi Sebastiano wa kufupi ndi Sorgin, mwamuna wofatsa amene ankadula nzimbe ku Nchalo koma kunyumba sankayankha munthu. Wolankhula pakhomopo anali bambo ake, a Fanizo. Iwowa anapereka ng'ombe za lobola, ndipo ankakhulupirira kuti ng'ombezo zinagula chilichonse cha Clotilda, kuyambira kumutu mpaka miyendo yopalasirayo.

Chaka china kampani ya mafuta ophikira ya ku Blantyre inangodzuka itakonda amayi. Inakhazikitsa timu ya akazi yampikisano wa njinga, yolipidwa pamwezi, n'kuitcha Anamzeze. Mphunzitsi wake anali a Shadreck, bambo wa mimba yaulemu amene ankadziwa zonse za njinga ali m'galimoto. Atafika pa Bangula kufuna atsikana aliwiro, anyamata a kabaza sanachedwe kuloza.

"Tengani uyo wa denguyo, bwana," anatero. "Mutengeni lero lomwe, atichoke."

A Fanizo ataona kabudula wothina amene mpongozi wawo azivala, anagwira pakamwa. "Nkhabe! Pakhomo panga ayi." Atamva kuti kuli malipiro ndiponso kuti dzina la banja lizitchulidwa pa wailesi, mwambo unafewa ngati mbatata yowiritsa. Pasanathe sabata anali akuuza anthu pamsika kuti liwiro limenelo ndi la kumtundu kwawo, ngakhale Clotilda analibe ndi dontho lomwe la magazi awo.

Njinga imene anamupatsa inali yodabwitsa: yopanda keliyala, yopanda belu, yoti ungainyamule ndi zala ziwiri, nsapato zake zokolekera pa mapedulo. Ntchito yake mu timu inali yodabwitsa kuposa pamenepo. Ankayenera kupalasa patsogolo kuti mphepo izimenya iyeyo, kumbuyo kwake kutabisala Imelda, mtsikana wa mu Limbe amene nkhope yake inali pa zikwangwani za mafuta aja. Akayandikira pothera, Clotilda ankapatuka kuti Imelda adutse n'kukakweza manja. Anachita zimenezi ku Zomba, ku Mulanje, ku Lilongwe. A Shadreck ankati kumeneko ndiko kugwirira ntchito limodzi. Kwawo kwa Clotilda zimenezo amazitcha ganyu.

Komabe tisaname, ankaikonda ntchitoyo ndi mtima wake wonse. Kwa nthawi yoyamba ankapalasa wopanda katundu, wopanda fungo lomulondola, ndipo anthu m'mbali mwa msewu ankamuitana dzina lake lenileni, osati "mayi a nsomba". Ankaopa chinthu chimodzi chokha: kubwerera ku dengu.

Chakumapeto kwa chaka, chikondi cha kampani pa amayi chinayamba kuphwa. Inalengeza kuti chaka chamawa idzasunga okhawo amene anakhalapo m'gulu la atatu oyambirira pa mpikisano uliwonse. Clotilda, amene anakokera mnzake pamalo amenewo chaka chonse, anali asanapondepo. Unatsala mpikisano umodzi, wochokera pa Chikwawa kukathera pa Bangula, mwezi wa Okutobala.

"Lero ndi lako," anatero a Shadreck mowolowa manja, podziwa kuti Imelda kutentha kwa kuchigwa sakuyanjana nako. "Ukalephera pamsewu wa kwanu, usadzati sindinakupatse mpata."

Dzuwa la tsikulo linali lija loti nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Podutsa minda ya nzimbe ya ku Nchalo, atsikana a m'tauni anali akudzithira madzi kumutu. Pofika pa Ngabu ena anali atayamba kukumbukira Mulungu. Clotilda anangowerama n'kuponda, monga ankachitira nsomba zikayamba kufewa m'dengu. Atacheuka, kumbuyo kunali galimoto la a Shadreck lokha. Mtima wake unasefukira ndi chimwemwe, moti anayamba kuseka yekha.

Atayandikira Sorgin, pamudzi wa apongozi ake penipeni, anaona nthambi zaziwisi zitayalidwa pa tala.

Aliyense wobadwira kuno amadziwa tanthauzo lake. Masamba pamsewu ndiye kuti pali maliro. Wa galimoto amachepetsa liwiro, wa chipewa amavula, wa njinga amatsika n'kuikankha mpaka atadutsa masamba achiwiri kutsogolo. Wodutsa ali chikwerere amalandidwa njinga, ndipo kuti aiwombole pamafunika mbuzi. Kumanja kunkamveka amayi akulira panyumba ya a neba a apongozi akewo, pomwe panali nkhalamba imene inadwala nthawi yaitali. Pansi pa mtengo panakhala azibambo, ndipo kutsogolo kwawo, chipewa chili pabondo, panali a Fanizo, amene pa nkhani yolanda njinga za opanda ulemu analibe wofanana nawo dera lonselo.

"Palasa!" anakuwa a Shadreck atatulutsa mutu pawindo. "Ndi masamba chabe amenewo! Palasa, iwe!"

Masamba chabe, kwa munthu amene madzulo akagona ku Blantyre. Clotilda ndiye ankatunga madzi pamjigo umodzi ndi amayi olirawo, ndipo tsiku lina iwo omwewo ndi amene adzasambitse mtembo wake. Anagwira mabuleki. Anamasula nsapato pa mapedulo, n'kutsika.

Nsapato za mpikisano sizinapangidwire kuyenda. Zinkangoti kho kho kho pa tala ngati ziboda za mbuzi. Mayi wina anathamanga n'kumuponyera chitenje kuti abise kabudula uja, iye n'kudzikulunga ndi dzanja limodzi, linalo likukankha njinga. Azibambo onse anamuyang'ana. Palibe anatsegula pakamwa kunena kuti mwana wathu, kwera, takukhululukira. Amene anayala masambawo anali owolowa manja, chifukwa achiwiri anali kutali ndithu, kupitirira mjigo.

Ali pakati, anamva mkokomo kumbuyo. Gulu la atsikana amene anawasiya m'mbuyo aja linafika, Imelda ali momwemo, n'kudutsa pa masambawo ngati mphepo ya mwera, nthambi zikuuluka. Azibambo sanadzuke. Alendo sadziwa mwambo, ndipo munthu sungathamangitse njinga zotero utavala jekete la kumaliro.

Atadutsa masamba achiwiri, Clotilda anataya chitenje n'kuponda ngati wamisala, misozi ikusakanikirana ndi thukuta. Anawapeza ambiri, nawapitirira mmodzimmodzi. Pa Bangula anafika wachinayi.

A Shadreck anauza mtolankhani wa wailesi kuti timu yawo imanyadira kwambiri chikhalidwe cha makolo, ndipo zimene anachita Clotilda n'zopatsa chitsanzo. Atatha kulankhula anauza Clotilda kuti asiye njinga ndi nsapato m'galimoto. Clotilda anakwera minibasi kubwerera ku Sorgin, chifukwa mpongozi sasowa pamaliro a pamudzi. Anatunga madzi, anatsuka mbale, analira nawo, ndipo kulira kwake kunali kochokera pansi pa mtima moti achibale a malemuyo anakhudzidwa.

Atabwerako kumanda, a Fanizo anamuitana. Clotilda anagwada chapatali, akuyembekeza mawu amodzi okha, ngakhale "takhuta" chabe, zikomo wa Chisena.

"Mwatichititsa manyazi, mayi," anatero a Fanizo. "Mudzi wonse unali ndi wailesi m'matumba. Ine ndinali nditauza kale anthu kuti chikho chikubwera pakhomo pano. Ndiye inu mukufika pamaso pathu n'kutsika? Malemuwo akanadzuka chifukwa choti mwayenda pansi?"

Clotilda anayang'ana mwamuna wake. Sebastiano anali kalikiliki kufufuza kanthu kena m'zikhadabo zake.

"Nanga bambo," anafunsa Clotilda, "ndikanadutsa chikwerere, mukanatani?"

"Tikanakulipiritsani mbuzi, nanga n'kulekeranji? Mwambo ndi mwambo." Anavala chipewa chawo n'kuimirira. "Komatu mbuziyo ndinali nditaimangirira kale kuseri kwa nyumba, yoti ndikulipirireni ndine."