Kamakina ka Che Saidi

Pakati pa sabata yathayi anthu ena munandiona ndikulowa sitolo ndi sitolo mu Zomba muno, nditakolekera paphewa chiguduli chokhala ndi chitsulo chadzimbiri. Amene munandiseka ndakukhululukirani. Koma imvani kaye nkhani yake.

Achemwali anga, a Esinati, amakhala kwa Mwambo, pafupi ndi msewu wopita ku Kachulu. Alamu anga anatisiya, ndiye munda amalima okha. Chaka chino alangizi anawalimbikitsa kubzala chimanga chamakono, ndipo chinabereka mosiririka. Vuto lake mukulidziwa: chimanga chimenechi sichikhalitsa m'nkhokwe, anankafumbwe amachikonda ngati shuga. Chimafunika kutonola msanga, kuthira m'matumba, n'kupita nacho kumsika.

Munatonolapo chimanga cha ngolo yathunthu ndi zala? Chala chachikulu chimayamba kufiira, kenako matuza, kenako magazi.

M'mudzi monsemo muli kamakina kamodzi kokha kotonolera chimanga. Mwini wake ndi Che Saidi, mkulu wina wogulitsa matemba, amene anabwera nako kuchokera ku Joni kalekale. Ndi kachitsulo kopukusa ndi dzanja. Umaika chimanga pamwamba, ukapukusa njere zimagwera m'dengu, chitsononkho n'kutulukira pambali chili mbee. Nyengo yokolola kamakinako sikagona nyumba imodzi kawiri. Lero kali kwa awa, mawa kwa awo, kwa Asilamu ndi kwa Akhristu chimodzimodzi.

Paja amati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Kanathyokera m'manja mwa achemwali anga. Gudumu lake la mano linang'aluka pakati.

Nditapita kukawaona Lamulungu, ndinawapeza atakhala pakhonde, dzanja lili patsaya, mulu wa chimanga uli pamkeka.

"Achimwene, ndikaonekera bwanji kwa Che Saidi?" anatero. "Ndipo si iwo okha. Makomo onsewa akudikira. Anthu adzati Esinati ndiye anatiphera makina."

Tinapitira limodzi kukapepesa. Che Saidi analitembenuza gudumulo, n'kulipukuta ndi nsonga ya mkanjo wawo.

"Chitsulo chimakalamba ngati munthu, mayi. Musadandaule," anatero. Kenako anandiyang'ana ine. "Koma achimwene anuwa ndi a m'tauni. Akatipezere gudumu lina. Likasowa, atigulire makina ena, tonse tisonkha."

Ndinavomera msangamsanga. Ndinkati m'tauni simusowa kanthu.

Sitolo yoyamba anandionetsa makasu, zikwakwa ndi zikwanje. Yachiwiri chimodzimodzi. Kenako ndinalowa m'sitolo ina yaikulu yogulitsa zida za kumaesiteti, momwe pakhoma munali chithunzi cha thirakitala yofiira. Mwini wake anasuzumira m'chiguduli changa n'kupukusa mutu.

"Zoterezi sitisunga, bambo. Palibe amazifunsa."

Ndinati, "Nanga munthu angafunse bwanji chinthu chimene sanachionepo pashelefu?"

"Anthu akumudzi alibe ndalama," anatero, maso ali kale kwa kasitomala wina.

Alibe ndalama? Nanga njinga zimene zimadzaza padoko la Kachulu m'mawa uliwonse anagula ndani? Mawailesi aja? Malata amene ayamba kunyezimira kwa Kuntumanji anagwa kumwamba? Munthu wakumudzi amagula chimene wachiona kuti chimuthandiza, ndipo akalephera yekha amasonkherana ndi anzake.

Chimene ndinaona tsiku limenelo ndi ichi: m'masitolo mwathu muli khasu, muli thirakitala, pakati pake palibe kanthu. Koma alimi athu ambiri ali pakati pomwepo. Khasu lawachepera, thirakitala yawakulira. Ndipo ngakhale wina ataipeza, kailowetseni m'makande a m'mbali mwa Chilwa mvula itagwa, mudzaitulutsa m'chilimwe.

Taganizani za mpunga. Amayi akupunthabe ndi ndodo, msana uli pansi tsiku lonse. Kupeta amadikira mphepo ngati akudikira basi. Posinja mumtondo wambiri umasweka, wogula n'kuunyoza. Kudimba munthu akutunga madzi ndi ndowa, pamene madziwo ali pafupi pomwepo. Ntchito iliyonse mwa zimenezi ikulira kamakina kakang'ono, kopukusa ndi dzanja kapena kopalasa ndi mwendo, kosafuna petulo, koti kakaonongeka wokonza njinga wa pamsika atha kukakonza.

Pawailesi timamva tsiku ndi tsiku kuti chuma chili m'nthaka. Anthu amva, ndipo alima. Tsopano mbewu zachuluka kuposa manja.

Musaganize kuti ndinabwerera chimanjamanja. Wina anandilozera kuseri kwa msika, kwa a Mateyu, mmisiri wowotcherera zitsulo. Ndinawapeza akulumikiza mwendo wa bedi. Anavula magalasi akuda, n'kuligogoda gudumulo kuti amve kulira kwake.

"Chitsulo ichi n'chouma, chimavuta kuwotcherera. Ndiyesa ndi mkuwa. Kodi n'cha chiyani?"

Ndinawafotokozera.

"Mwati m'mudzi monse kamodzi kokha?"

"Kamodzi."

"Nanga midzi yoyandikana nayo?"

"Nawonso amadzabwereka komweko."

A Mateyu anaika gudumu pansi. Kenako anatulutsa zonse zinali m'chiguduli, anamasula kamakina konse n'kuyala zidutswa pansi. Anatola khala nayamba kujambula pasimenti. Bedi lija analiiwala.

"Ine ndimakhalira kulimbirana mabedi ndi mafelemu a njinga ndi anzanga pano," anatero osandiyang'ana. "Sindikulonjeza, bambo, koma ndikawotcherera lanuli ndiyesa kupanga kamakina kena kotere. Gudumu lotere sindingaliumbe. Koma chitsulo chafulati ndili nacho, mano ndingathe kuwotcherera limodzilimodzi. Loyamba mwina likana. Lachiwiri silingakane."

Loweruka ndinakwera lole ya nsomba kubwerera kwa Mwambo, kamakina kali pamiyendo, gudumu lili ndi chipsera chachikasu. Mbiri inali itafika kale. Pakhomo pa Che Saidi panadzaza amayi, ena atanyamuliratu madengu. Mkuluyo anakamangirira kamakinako pabenchi, n'kuitana achemwali anga.

"Yambani ndinu, mayi."

Anagwira chopukusira mwamantha, ngati akugwira khanda la mwini. Anapukusa pang'onopang'ono. Njere zinayamba kugwera m'dengu, chitsononkho chinatulukira pambali, ndipo nthungululu inamveka mpaka kumsewu. Achemwali anga anaseka, misozi ili m'maso.

Nditawauza za a Mateyu, ndinkaopa kuti mwina Che Saidi sakondwa kumva kuti kamakina kawo kakhala ndi anzake. Anaomba m'manja.

"Akapanga, woyamba kugula ndine! Kamodzi kobwereketsa, kamodzi kanga. Ine mwini wake chimanga changa ndimatonola ndi zala."

Mayi wina kumbuyo anakuwa kuti, "Mukawauze amisiri anuwo kuti mpunga nawonso ukudikira!"

Uthengawo ndakaupereka. Koma a Mateyu ndi munthu mmodzi, ali ndi manja awiri ndi kashedi ka malata. Midzi ya m'mbali mwa nyanja ya Chilwa ndi yambiri, osanena za ku Phalombe ndi ku Chigwa cha Shire. Dziko lino lili ndi amisiri, lili ndi anyamata amene akutuluka m'sukulu za ntchito zamanja, lili ndi eni masitolo amene amadandaula kuti malonda sakuyenda.

Inu amene mumati palibe amafunsa: munayamba mwatsekapo sitolo tsiku limodzi, n'kukwera lole ya ku Kachulu, kukaona zala za amayi nyengo yokolola?