Theka la pepala lokulungira usipa

Ine sukulu ndinalekezera panjira, digiri yanga ndinatengera pa mapepala okulungira nsomba. Amayi ogulitsa usipa wokazinga kudoko amagula nyuzipepala zakale zakunja n'kumang'amba tsamba lililonse pawiri. N'chifukwa chake nkhani zambiri za padziko ndimazidziwa theka.

Tsiku lina ndinalandira theka lonena za mphunzitsi wa kudziko lina lolamulidwa ndi akuluakulu a Chisilamu. Anamugwira chifukwa cha zomwe analemba, n'kupita naye kukhoti lomwe amati limateteza boma lawo lomwe linagwetsa lakale. Loya anamukaniza. Woweruza anangofunsa mafunso ochepa, kenaka... apo mpomwe amayi aja anang'ambira.

Ndinabwerera kudoko.

"Ama, linzake la pepalali lili kuti?"

"Ada, munagula usipa kapena nyuzi? Lapita ndi munthu wa ku Mzuzu. Thamangani, mwina minibasi sinadzaze."

Ndinathamangadi, ndi imvi zangazi. Ndinapeza utsi wokha.

Kunyumba mkazi wanga anandifunsa ngati mphunzitsiyo ndi mbale wanga. Funsolo linandikumbutsa zakwathu. Nthawi ya chipani chimodzi achimwene anga anawatengera kukhoti la miyambo, komwenso loya sankaloledwa. Mathero ake sanatiuze. Amayi athu anamwalira akufunsabe aliyense wotsika sitima.

Mawa lake ndinapita nalo pepalalo kwa mnzanga wachisilamu, telala wa pakhonde la sitolo ina paboma.

"Bwanawe, malamulo anu amatero?"

Anavala magalasi n'kuwerenga.

"Ife anatiphunzitsa kuti mlandu umafuna mboni. Mboni mukuiona apa? Nanga achimwene anu anawatenga ndi Asilamu?"

Ayi ndithu. Ena mwa omwe anawatengawo tinkaimba nawo sumu kutchalitchi Lamulungu. Mutu wanga unangobalalika: ndinabwera ndi funso limodzi, tsopano anali atatu.

Telala anatulutsa foni kuti tifufuze, koma dzina la mphunzitsi linali pa theka lija la ku Mzuzu. Tinangolemba nkhani yake. Kunabwera nkhope zambirimbiri: aphunzitsi, azimayi, atolankhani, ena anatulutsidwa, ena anapachikidwa.

"Wanu ndi uti?"

Ndinaloza wina wa makutu otambalala ngati a achimwene. Telala anawerenga chamumtima, nthawi yaitali ndithu, kenaka anazimitsa foni n'kubwerera pa makina ake.

"Si ameneyu," anatero.

Sindinamufunse kuti wadziwa bwanji.